Akaunti Imene Che Adamu Sanailembe mu Leja

Mwai ndi Tiyamike, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinapumira pantchito ndili wachiwiri kwa akauntanti, chonsecho ndinakhala m'bungwe limodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mayi anu amayankha mwachidule kuti abambo anu ndi ouma mutu. Sanama, koma nkhani yake ndi yotalikirapo. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe zimene zinachitika chaka chimene kopaletivi yathu inasamutsa mabuku a ndalama kuchoka m'mapepala kulowa m'kompyuta, ndiponso kuti mumudziwe munthu amene anandiphunzitsa ntchito.

Chaka choyamba mpaka chachisanu: Mangochi boma

Ndinalowa ntchito ku kopaletivi ya asodzi ndi ogulitsa nsomba ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinali nditangochoka ku nyuzipepala ina ya ku Blantyre, kumene ndinakhala zaka zitatu ndikulemba nkhani za m'makhoti. Malipiro kumeneko ankabwera akafuna, ndipo mayi anu anali oyembekezera Mwai. Ku nyuzipepala ndinatengako malamulo atatu amene mkonzi ankatibwerezera m'mawa uliwonse: lemba chimene waona, chimene sunaone tchula amene wakuuza, nambala uiwerenge kawiri.

Ofesi inali nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa msika. Chipinda chapakati chinali cha akauntanti, Che Adamu, munthu wamfupi wa kofia yoyera, kwawo ku Katuli. Pa desiki pawo pankakhala zinthu zinayi zokha: rula yachitsulo, cholembera chakuda, cholembera chofiira ndi leja. Leja ndi buku lalikulu limene ndalama zonse za bungwe zimathera. Malisiti, mavocha ndi timabuku ta kunthambi, zonse zimakatsanulira m'menemo. Yathu inali ya chikuto chansalu, yofuna manja awiri ponyamula.

"Ndamva kuti ndinu mtolankhani," anatero Che Adamu tsiku loyamba.

"Ndinali, Che Adamu."

"Chabwino. Nkhani mukhoza kuithira mchere kuti ikome. Tambala sathira mchere. Khalani apo."

Dzina langa la Filipo linathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinali a Mtolankhani, kwa iwo ndi kwa mamembala onse. Anandiphunzitsa kuti ndalama iliyonse ili ndi kumene yachokera ndi kumene yapita, kuti ukalemba kumanzere, ku debiti, ulembenso kumanja, ku kirediti, ndipo kuti mwezi sutsekedwa mbali ziwirizi zisanafanane. Mwezi wanga wachiwiri zinasiyana ndi matambala makumi awiri. Tinafufuza masiku atatu. Tsiku lachitatu ndinapisa m'thumba n'kuika makobiliwo patebulo kuti tithane nazo. Che Adamu anawakankhira kwa ine ndi rula. "Mukaika anuwo tikhala ndi zolakwika ziwiri," anatero. Cholakwikacho tinachipeza madzulo ake, pa lisiti ya ayezi imene ndinakopera molakwika ndine.

Mamembala ambiri anali Asilamu a m'tauni ndi a m'mbali mwa nyanja, ena ndife Akhristu a ku Monkey Bay ndi Nankumba. Lachisanu lililonse Che Adamu ankapita kumzikiti, ofesi n'kutsala ndi ine. Lachisanu lina m'chaka chachitatu ndikufuna sitepula ndinatsegula dilowa yawo yapansi. Munali kope lobiriwira, lomangidwa ndi mphira pamodzi ndi kabuku ka kubanki. Pachikuto panali mawu awiri olembedwa ndi cholembera chofiira: Si zathu. Atabwera ndinawafunsa.

"Izo ndi za chiwongola dzanja," anayankha osadodoma. "Kwa ife ndi riba, ndi haramu. Sizilowa m'buku lathu. Che Bwanali akudziwa."

Che Bwanali anali wapampando wa kopaletivi kuyambira pachiyambi. Ndinatseka dilowa ija. Ine amene ndinkathamangitsa akalaliki a khoti ndi mafunso, sindinafunsenso china.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka cha makumi awiri: Monkey Bay ndi Chiponde

Ananditumiza ku nthambi ya Monkey Bay, kumene tinkagulitsa ayezi, mafuta a injini ndi maukonde. Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lofika sitima ndinkalemba malisiti mpaka chala kutupa. Nthawi zimene mafuta ankasowa, asodzi ankandandalika zigubu kuyambira pakhomo mpaka kumsewu, aliyense atamanga kansalu pa chigubu chake, eni ake ali pamthunzi kukangana za mpira. Mabuku a malisiti akatha ndinkadula makope a sukulu pakati, kuika kaboni, n'kulemba manambala pamanja. Che Adamu sanadandaule za mapepalawo, bola manambala atsatane.

Kenako Chiponde, kumalire, zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko tinkagulitsa usipa wouma kwa amalonda opita ku Mozambiki, ndipo m'bokosi munkakhala ndalama za mitundu iwiri, kwacha ndi metikali. Mtengo wosinthira wa m'mawa sunkafanana ndi wa masana. Pakutha pa mwezi ndinkakulunga mabuku m'pulasitiki n'kutsika nawo kuboma pa matola. Che Adamu ankayendetsa rula yawo mzere ndi mzere, ine chilili. Akafika pansi osanena kanthu, ndiye kuti andiyamikira.

M'zaka zimenezi ndinayamba kuona chinthu china m'madoko. Apa ndi apo panali zimbudzi za njerwa zootcha, za zitseko ziwiri zopaka utoto wabuluu, china cha amayi, china cha abambo. Zimbudzi zomangidwa ndi mabungwe zimakhala ndi chikwangwani chachikulu kuposa chitseko. Izi zinalibe dzina la munthu aliyense. Nditafunsa msodzi wina, anangoti, "Izi ndi za Che Adamu." Ndinakumbukira kope lobiriwira lija, ndipo ziwirizi zinalumikizana m'mutu mwanga. Amene anaonapo kolera padoko nthawi yamvula amadziwa kufunika kwa chimbudzi. Ndinakondwa, ndipo kachiwirinso sindinafunse.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Januwale: kompyuta

Apa n'kuti nditabwerera kuboma ngati wachiwiri wa Che Adamu. Che Bwanali anali atatisiya kalekale. Tinali ndi manijala watsopano, a Kaliwo, munthu wachangu amene anatiikira magetsi a sola ndi kuonetsetsa kuti malipiro azifika pa tsiku lake. Iwowa anapeza bungwe lina lofuna kutithandiza kugula makina atsopano a ayezi. Bungwelo linati mabuku athu ayambe alowa mu pulogalamu ya akaunti ya pakompyuta. Che Adamu anatsala ndi miyezi isanu kuti apume, ndipo aliyense ankadziwa kuti mpando wawo ukhala wanga.

Woika pulogalamuyo anachokera ku Blantyre. Anali mayi wa zaka zosakwana makumi atatu, a Tadala, wa nsapato zothamangira ndi chikwama chakumbuyo. Ine ndinkayembekeza munthu wobwera kudzatiuza kuti ndife otsalira. Mlungu wonse woyamba pulogalamuyo sanaitsegule n'komwe. Anakoka mpando, kukhala pambali pa Che Adamu, n'kuyamba leja kuchokera tsamba loyamba, kufunsa akaunti iliyonse kuti ndi ya chiyani ndipo amalembamo ndani.

"Kompyuta sidziwa chilimira," anatiuza, kunena khoka lalikulu la asodzi. "Mukaiuza kuti chilimira ndi mbuzi ivomera, ndipo izikupatsani lipoti la mbuzi mwezi ndi mwezi. Ntchito yaikulu ili pano, pa pepala."

Pa pepala lalikulu lomata kukhoma anakonza mndandanda wa maakaunti. Manambala oyamba ndi 1 anali a chuma chimene tili nacho: ndalama za kubanki, katundu, maboti. Oyamba ndi 2 anali a zimene tikusunga kapena kuyenera kubweza kwa ena. Oyamba ndi 3 anali a masheya a mamembala, 4 zolowa, 5 zotuluka. Nthambi iliyonse anaipatsa chizindikiro chake, kuti ayezi wa ku Monkey Bay ndi wa kuboma akhale mu akaunti imodzi koma tizitha kuwalekanitsa tikafuna. Anaika chaka chathu cha ndalama ndi miyezi yake khumi ndi iwiri, anaika metikali ngati ndalama yachiwiri chifukwa cha Chiponde, ndipo anagawa mphamvu: wolemba asakhale wovomereza, wovomereza asakhale wotseka mwezi. Anakangana ndi Che Adamu tsiku lathunthu pa nsomba. A Tadala ankafuna akaunti imodzi ya nsomba zouma. Che Adamu anati usipa ndi utaka sizikwera mtengo mwezi umodzi, ndipo amene waziphatikiza sangadziwe imene ikumudyetsa. Anatsegula masamba a zaka zisanu kuti aonetse. A Tadala anawerenga, kutenga cholembera, n'kudula akaunti ija pawiri.

"Nanga mukalakwitsa mumafuta bwanji m'makinamo?" anafunsa Che Adamu tsiku lina.

"Sitifuta, Che Adamu. Timalemba chobweza. Cholakwika ndi chokonza zonse zimatsala poonekera, ndi dzina la wolemba."

"Ndiye kuti makinawa analeredwa bwino," anatero mkuluyo, n'kutembenukira kwa ine. "A Mtolankhani, mwana uyu ali ndi mutu wa leja."

Mitambo ikaphimba sola, magetsi n'kuzimanso, tinkadikira. Dizilo wa jenereta anali wa makina a ayezi, osati wa ife. Komabe pofika kumapeto kwa mwezi tinali titalowetsa zotsala zonse zoyambira, akaunti ndi akaunti, ine ndikuwerenga mu leja, a Tadala akutaipa. Atadina kuti kompyuta ifananitse debiti ndi kirediti, pansi panatuluka ziro. A Tadala anaimirira n'kuwomba m'manja. Anati m'mabungwe onse amene anaikamo pulogalamuyo sanaonepo mabuku a pamanja akufanana ulendo woyamba. Che Adamu anangokonza kofia.

Febuluwale: kalata ya kubanki

Panatsala chinthu chimodzi. Pulogalamuyo imafuna kuti akaunti iliyonse ya kubanki ikhale ndi inzake mu leja. A Tadala anapempha a Kaliwo kuti alembere banki ititumizire mndandanda wa maakaunti onse a m'dzina la kopaletivi. Oyendera mabuku amene ankabwera mwa apo ndi apo ankangoona zimene tawapatsa, ndipo funso limeneli palibe anali atalifunsapo. Mu leja munali maakaunti atatu. Kalata inabwera ndi anayi.

Mapepala a akaunti yachinayi ankaonetsa chiwongola dzanja cha ndalama zimene tinasungitsa kubanki chikulowa, kenako chikutapidwa, chaka ndi chaka. Osaina anali awiri: Che Adamu ndi Abiti Saidi, wachiwiri kwa wapampando, wogulitsa usipa, amene analowa m'malo mwa Che Bwanali pa kusaina. A Kaliwo anatiitana tonse atatu, Che Adamu, a Tadala ndi ine, mu ofesi mwawo. Che Adamu sanadikire kufunsidwa kawiri. Anatuluka n'kubwera ndi makope obiriwira asanu ndi awiri. Anafotokoza kuti pamene kopaletivi inkayamba, Asilamu anakana kulowa ngati phindu lawo lidzasakanizidwe ndi riba. Anagwirizana kuti chiwongola dzanja chizikhala pachokha, chisakhudze buku, ndipo chizimangira zimbudzi m'madoko, popeza ndalama yotere munthu saidya ndiponso sayembekezera nayo madalitso.

"Mgwirizano umenewo unalembedwa pati?" anafunsa a Kaliwo.

"Sunalembedwe, bwana. Tinagwirana chanza."

"Amene analipo ali kuti?"

"Ambiri anatsogola."

"Che Adamu, ine ndimakulemekezani. Koma taonani mmene zikuonekera. Akaunti yobisika, ndalama zotapidwa pamanja, mboni zili kumanda, wosaina mnzanu ndi wokhudzidwa. Ndikawauza chiyani otithandiza aja?"

Anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo. Anati lipoti lipita ku bodi, ndipo bodi ikapanda kukhutira nkhani ipita kupolisi, penshoni n'kuimitsidwa. Che Adamu anaika makiyi patebulo, kutenga njinga yawo, n'kumapita. Rula anaisiya pa desiki.

A Kaliwo ananditsalitsa. "A Filipo, lipotili mulemba ndinu. Inu simunadziwe kanthu, eti? Lembani zimene kalata ya banki ikunena, musaine, basi. Juni sali patali." Sankandinyengerera kuti ndiname. Ankakhulupirira kuti sindinkadziwa, ndipo ine sindinawatsutse. Ndinangopempha milungu iwiri kuti ndikaone ndi maso. Anandipatsa masiku khumi.

Ndinafunsa a Tadala ngati panali njira ina. Anati akhoza kuika ndalamazo mu saspensi, akaunti yosungiramo zosadziwika mwini, kuti pulogalamu iyambe kugwira ntchito. "Koma saspensi ndi podikirira chabe," anatero. "Aliyense wotsegula adzafunsa funso lomweli. Ine sindikufuna kuyamba leja yatsopano ndi chinthu chimene tikuchidziwa koma tikunamizira kusachidziwa. Pitani mukawerenge zimbudzizo. Ine ndidikira."

Masiku khumi m'madoko

M'makope munali zimbudzi makumi awiri ndi zitatu. Chilichonse chinali ndi tsamba lake: doko, dzina la mmisiri, matumba a simenti, malata, njerwa, ndi timalisiti tomata ndi guluu. Ndinatenga makope obiriwira aja, foni yojambulira, tepi yoyezera ndi kope langa. Ndinayenda pa minibasi, pa njinga zamoto za kabaza, ndi pa boti kumene msewu unaduka ndi mvula. Ndinayamba ku Malombe, kukwera ku Malindi mpaka Makanjira, kubwerera, kenako Makawa, Msaka ndi Malembo. Paliponse ndinkajambula, kuwerenga malata, kuyeza makoma, ndi kufunsa anthu awiri osiyana kuti chinamangidwa liti ndipo anamanga ndani. Padoko lina amayi oyanika usipa pa thandala anandiseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo awa ajambula chimbudzi ngati mkwatibwi! Bwanji osajambula ife?"

Makumi awiri ndi chimodzi ndinazipeza, zina zikugwira ntchito, zina zitadzaza ndi kusiyidwa, koma makoma alipo ndipo malata akufanana ndi a m'kope. Cha makumi awiri ndi chiwiri chinali padoko limene nyanja inakwera n'kulimeza. Msodzi wina ananditenga pa bwato, kufika pamalo ena, n'kugogoda pansi ndi nkhafi. Simenti inalira. Ndinalemba kuti sindinachione, ndinachimva, ndipo ndinatchula amene ananditengerako.

Chotsiriza panalibe. Padoko lotchulidwa m'kope, kumpoto kwa Malindi, ndinafunsa anthu asanu ndi mmodzi, onse anati chimbudzi cha zitseko zabuluu sichinamangidwepo. Tsiku lachisanu ndi chinayi masana ndinapita kunyumba kwa Che Adamu. Ndinawapeza pakhonde akumata tayala la njinga. Nditawauza, anandipempha kope lachinayi n'kutsegula tsamba lomaliza, limene ine sindinaliyang'ane. Panali mizere itatu yofiira. Mmisiri analandira ndalama za simenti ndi malata, n'kuwoloka malire osabweranso.

"Bwanji simunauze bodi?"

"Manyazi, a Mtolankhani. Ndinamusankha ndine. Lembani mmene zilili. Musathire mchere."

"Ndilembanso kuti kope loyamba ndinaliona m'chaka changa chachitatu, ndipo munandiuza kuti Che Bwanali akudziwa."

Anasiya tayala lija. "Ayi. Zimenezo zisiyeni. Tiyamike ali ku koleji. Ine ndakalamba, zanga zatha."

Ndinabwerera ndikuganiza. Zimbudzi zinkaonetsa kumene ndalama zinapita, koma sizinkaonetsa kuti panali mgwirizano. Pa ogwira ntchito onse amoyo, ine ndekha ndi amene ndinamva za akauntiyo Che Bwanali akadali wapampando, ndipo ndinaona kuti kope silinkabisidwa, linkangokhala mu dilowa yosakiya. Popanda mawu anga, bodi ikanakhala ndi mawu a anthu awiri osaina okha. Koma kunena zimenezi kunali kuvomera kuti kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkadziwa za ndalama zosalowa m'buku ndipo ndinakhala chete. Munthu wotero sapatsidwa leja. Mayi anu nditawauza anati, "Ndiye mukundifunsa kapena mukundiuza?" Ndinati ndikuwauza. "Ndimadziwa," anatero. "Lembani msanga musanayambe kuganiza bwino."

Lipoti linali la masamba anayi. Ndime yokhudza ine inali ya mizere isanu, ndipo ndinaiika patsamba loyamba.

Malichi: msonkhano wa mamembala

Bodi inati nkhaniyi ndi ya mamembala onse. Tinakumana mu holo ya sukulu, ndipo anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ndinawerenga lipoti lonse, kuphatikizapo chimbudzi chosowa ndi mizere isanu ija. Ndinanena kuti kusunga akaunti kunja kwa leja kunali kulakwa, ngakhale cholinga chinali chabwino, ndipo kuti pa ndalama zonse zimene zinadutsamo sindinapeze tambala imene inalowa m'thumba la Che Adamu.

Woyamba kuimirira anali Mayi Nambewe a ku Msaka, Mkhristu, mayi wa mawu aakulu. "Ndifunse nawo, apampando. Ine chipembedzo changa sichiletsa chiwongola dzanja. Ndiye mukuti gawo langa ndakhala ndikulikhalira zaka zonsezi?"

Holo yonse inaphulika. Abiti Saidi anaimirira osapempha chilolezo. "Mumalikhalira m'mawa uliwonse, anzanga! Ndimakuonani mukuthamangira chitseko chabuluu, chitenje m'manja!"

"Kuthamanga ndimathamanga, sindikukana," anatero Mayi Nambewe kuseka kutachepa. "Koma akanandifunsa. Mwina ndikanavomera. Amene anagwirana chanzawo sanagwire changa."

Mawu amenewo anali oona, ndipo Che Adamu anaimirira n'kuvomera. Anavula kofia, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pagulu, n'kupepesa. Anati ankaopa kuti riba ikalowa m'buku idetsa zonse, ndipo mantha amenewo anawachititsa kuphwanya lamulo limene iwo eni ankaphunzitsa ena. Anapempha kuti ndalama za chimbudzi chosowa zidulidwe pa ndalama zawo zopumira.

Apa a Tadala anapempha kulankhula. Anajambula pa bolodi ya sukulu mmene zingakhalire. Akaunti yachinayi ilowe mu leja ngati zinzake. Chiwongola dzanja chikalowa chisapite ku zolowa, kumene phindu la mamembala limachokera, koma ku akaunti yakeyake ya m'gulu la 2, la ndalama zimene tikungosunga. Pakutha pa chaka membala aliyense asankhe: ofuna gawo lawo alandire, osafuna lawo litsale momwemo lizimangira zimbudzi, ndipo bodi izivomereza chilichonse chotuluka. Shehe wina amene anali membala anafunsa kawiri ngati ndalamazo sizingadutsire ku phindu mwangozi. A Tadala anati akhoza kuitseka akauntiyo kuti isalembedwe pamodzi ndi akaunti iliyonse ya zolowa, ndipo anamuitana kuti adzayese yekha. Anabweradi mawa lake, anayesa, kompyuta inakana.

Mamembala anakweza manja. Kupolisi ayi. Che Adamu abwerere amalize miyezi yawo ndi kupuma ndi penshoni yawo. Za ine zinakambidwa ndi bodi payokha. A Kaliwo sanandilembere kalata, anabwera okha pa desiki panga. "A Filipo, mpando uja sutheka. Wodziwa akaunti yakunja n'kukhala chete sitingamupatse leja, ndipo otithandiza anena zomwezo." Ndinawauza kuti ndikanakhala iwo ndikanagamula chimodzimodzi. Anandigwira chanza nthawi yaitali. Makina a ayezi anabwera chaka chomwecho.

Epulo: tsiku lotsegula leja yatsopano

Tsiku loyamba la chaka chathu cha ndalama tinasonkhana m'chipinda chapakati. A Tadala anatsegula akaunti yatsopano, nambala 2950, n'kuima pa malo olemba dzina. Maakaunti ena onse anali ndi maina a Chingerezi. Anatembenuka.

"Che Adamu, iyi tiitcha chiyani?"

"Dzina ili nalo kale."

A Tadala anataipa: Si zathu. Kenako anadzuka pampando. "Khalani apa. Choyamba mulemba ndinu."

Che Adamu anakana kawiri, kachitatu anakhala. Anavala magalasi, kufunafuna manambala ndi chala chimodzi. Debiti, akaunti yachinayi ya kubanki. Kirediti, 2950. Zinawatengera mphindi zisanu ndi ziwiri, ndinayang'ana wotchi. Popeza wolemba sangakhale wovomereza, a Kaliwo anabwera kudzavomereza. Pansi panatuluka ziro. Mkuluyo anayang'anitsitsa sikirini.

"Ndiye ili m'buku, koma ili payokha?"

"Payokha, Che Adamu. Aliyense akuiona, koma sikhudzana ndi inzake."

"Zaka zonsezi," anatero, n'kupukusa mutu. Dzanja lawo linapita lokha pa cholembera chofiira kuti adule mzere pansi, kenako anaseka n'kuchibweza.

Anapuma mu Juni. Ine ndinagwira zaka zina zisanu pansi pa akauntanti watsopano, mayi wodziwa ntchito amene sanandichititsepo manyazi. Tiyamike, fizi yako ya zaka ziwiri zomaliza tinalipira pogulitsa puloti ya ku Monkey Bay, osati ndi bonasi monga tinakuuza nthawi ija. Tsopano wadziwa.

Tsiku lotsanzika, Che Adamu anachotsa zonse pa desiki pawo. Zolembera anapatsa a Kaliwo, leja yakale inapita m'kabati. Rula yachitsulo anaiika pa desiki panga osanena kanthu, monga ankachitira akafika pansi pa tsamba langa osapeza cholakwa. Mizere yonse ya m'kope limene ndalembamo mbiri ino ndajambula ndi rula imeneyo.